Kuwongola mateyala a kagalimoto ka Pinewood Derby

Pinewood Derby ndi mpikisano wa timagalimoto tathabwa timene ana amapanga, ndipo kagalimoto kake kalibe injini. Kamatsetsereka pa njira yopendekeka ndi kulemera kwake kokha, choncho paliponse pamene pakukhulana, liwiro likutha. Mpikisanowu anauyambitsa Don Murphy mu 1953 ku Manhattan Beach, California, pofuna kusangalatsa ana a Cub Scouts (gulu la ana aang'ono a ma Scout) amene ankawatsogolera. Lero mwana amalandira kathabwa ka paini, mateyala anayi apulasitiki ndi misomali inayi, ndipo kagalimotoko kasapitirire maaunsi 5, omwe ndi pafupifupi magalamu 142. Makolo anzanga kuno ku America amathera nthawi pa penti. Ine ndi mwana wanga timathera pa mateyala.

Yambani ndi misomali, chifukwa ndi pamene teyala limazungulira. Kunsi kwa mutu wa msomali kumakhala timizere totsalira kufakitale. Umangeni pa dirilo, muchotse timizereto ndi tupa yosalala, kenako sandipepa wonyowa mpaka uwale. Mukaika teyala, siyani mpata wolowa khadi ya ku banki pakati pa teyala ndi thabwa. Mafuta musayerekeze, magulu ambiri amaletsa; thirani ufa wakuda woterera wotchedwa graphite.

Kenako ikani kagalimotoko pa galasi kapena pa tebulo losalala, muone mateyala amene akugunda pansi. Dinani ngodya iliyonse ndi chala. Nthawi zambiri mupeza kuti teyala limodzi lakutsogolo ndi limene lasenza katundu, linzake likungokhudza pang'ono. Losenza katundulo ndiye chiwongolero chanu. Ena amakwezeratu linzakelo kuti lisagunde n'komwe, kagalimoto kaziyenda ndi mateyala atatu, popeza teyala lililonse limadya mphamvu kuti liyambe kuzungulira. Zimathandizadi, koma funsani kaye malamulo a gulu lanu, chifukwa magulu ena amafuna onse anayi agunde. Zimandiwawa kuona mwana akubwezedwa pa tebulo loyezera pa chinthu chimene bambo ake sanawerenge.

Tsopano mfundo imene ambiri amandikanira. Musalimbane kuti kagalimoto kaziyenda molunjika ndendende. Pakati pa njira pali kanjanji kotukuka, ndipo mateyala amayenda uku ndi uku kwa kanjanjiko. Kagalimoto kamene mukuti n'kolunjika kakafika potsetsereka kamayamba kuyepayepa, kugunda kumanzere, kubwerera kumanja, ndipo kugunda kulikonse ndi liwiro lotayika. Kuli bwino kakhotere pang'ono mbali imodzi, teyala lowongolera lija litsamire kanjanji mofatsa kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kachitidwe kake ndi aka. Pindani msomali wa teyala lowongolera pang'ono kwambiri, madigiri ngati 1.5, ndipo lembani kadontho pamutu pake kuti muzidziwa kumene wapindikira. Kwezani kumapeto kumodzi kwa thabwa lina lalitali losalala, jambulani mzere pakati, musiye kagalimoto katsike kokha osakakankha. Ngati teyala lowongolera lili kumanja, kagalimoto kazikhotera kumanzere, kuti teyalalo lizikankhira ku kanjanji. Ine ndimafuna kapatuke masentimita angapo pa mita imodzi. Potokolani msomali pang'onopang'ono ndi pulayazi, muyesenso, mpaka zitheke. Apa mwana ndiye azisiya kagalimoto ndi kuyeza; maso ake amaona msanga kuposa athu.

Mateyala akumbuyo asakhudze kanjanji ngakhale pang'ono. Misomali yake ipendekeke madigiri 2 kapena 3, mitu ili m'mwamba, kuti teyala lizithawira kumutu wa msomali m'malo mokhula thabwa. Poyesa, kankhirani kagalimoto kutsogolo kenako kumbuyo. Teyala likamapita kumutu maulendo onse awiri, lili bwino. Likamalowa mkati popita n'kutuluka pobwerera, msomali wayang'ana kumbali, ukonzeni.

Zitsulo zolemeretsa muziike kumbuyo, kuti kagalimoto mukakaika pa m'mphepete mwa lula kadekhe osapendekera mbali pa masentimita awiri kapena awiri ndi theka kutsogolo kwa misomali yakumbuyo. Mukazibweza kumbuyo kuposa apo, kutsogolo kumapepuka ndipo teyala lowongolera limasiya kugwira. Zonse zikakhala m'malo, donthezani kaguluu kumunsi pa msomali uliwonse, kutali ndi teyala, ndipo musalole kuti kaseweretsedwe pansi tsiku la mpikisano lisanafike.