Momwe mungayankhire mafunso a force ndi acceleration pogwiritsa ntchito malamulo a Newton

Ophunzira ambiri okonzekera mayeso a MSCE kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amaloweza F = ma (force ndi mass kuchulukitsa ndi acceleration, komwe ndi kusintha kwa liwiro pa sekondi iliyonse) bwinobwino, komabe amataya malikisi chifukwa chothamangira manambala asanamvetse chimene F ikuimira. Lamulo lachiwiri la Isaac Newton, lomwe linasindikizidwa mu 1687, likunena za resultant force, yomwe ndi mphamvu yotsala pambuyo powonkhetsa zonse zimene zikukoka kapena kukankha chinthu, osati mphamvu iliyonse imene yayamba kutchulidwa m'funso.

Tiyerekeze kuti thirakitala ikukoka ngolo yodzaza masamba a tiyi pa msewu wosatsetsereka wopita ku fakitale. Ngoloyo ndi katundu wake ndi 2,000 kg, thirakitala ikukoka ndi mphamvu ya 5,000 N (N ikuimira newton, muyeso wa mphamvu), ndipo friction, mphamvu yokaniza kuyenda, ikubweza ndi 3,000 N.

Choyamba, jambulani kabokosi koimira ngolo yokhayo, thirakitala muisiye kunja. Ikani muvi wa 5,000 N woloza kutsogolo ndi wina wa 3,000 N woloza kumbuyo. Palinso weight yoloza pansi, yomwe ndi 20,000 N mukachulukitsa mass ndi g (acceleration ya gravity) n'kutenga g kukhala 10 m/s², koma nthaka ikukankhira ngoloyo m'mwamba ndi mphamvu yofanana, choncho ziwirizi zikuthetsana ndipo sizilowa m'masamu anu. Chithunzichi musachinyoze ngakhale nthawi ikuoneka yochepa, pakuti apa ndi pamene funso limamasuka.

Ena amafunsa kuti, popeza lamulo lachitatu likuti ngolo nayo ikukoka thirakitala ndi 5,000 N, nanga zonsezi zikuyenda bwanji? Funsoli ndi lanzeru. Mphamvu yobwezerayo ikugwera pa thirakitala, osati pa ngolo, n'chifukwa chake siyenera kuoneka pa chithunzi cha ngolo.

Kenako sankhani kuti kutsogolo ndi positive, ndipo muchotse 3,000 N pa 5,000 N kuti patsale 2,000 N. Musanagawe, onetsetsani kuti mass ili mu makilogalamu. Ikaperekedwa mu magalamu, igaweni kaye ndi 1,000. Tsopano a = F/m, ndipo 2,000 N kugawa ndi 2,000 kg ikupereka 1 m/s². Izi zikutanthauza kuti sekondi iliyonse liwiro la ngolo likuwonjezeka ndi mita imodzi pa sekondi, kotero ngati inanyamuka ili chiimire, v = u + at (v ndi liwiro lomaliza, u ndi liwiro loyambira, t ndi nthawi) ikusonyeza kuti pakatha masekondi 6 idzakhala ikuyenda 6 m/s.

Mawu a m'funso muziwawerenga mofatsa. Akanena kuti ngolo ikuyenda molunjika pa liwiro losasintha, ndiye kuti lamulo loyamba ndi lomwe likugwira ntchito: acceleration ndi ziro, resultant force ndi ziro, ndipo thirakitala ikukoka ndi 3,000 N yokha, yongokwanira kuthana ndi friction.

Nanga ngolo ikamasuka ku thirakitala ili mkati moyenda? Muvi wa kutsogolo uchoka, patsala friction yokha, choncho F ndi -3,000 N ndipo a ndi -1.5 m/s². Chizindikiro cha minus musachifufute, chifukwa chikusonyeza kuti liwiro likutsika, ndipo ngolo yomwe inali pa 6 m/s idzaima pakatha masekondi 4.