Kusankha Tipi Yaing'ono Yokagonera pa Phiri la Zomba

Tipi ndi tenti yosongoka pamwamba, yooneka ngati denga la nkhokwe litaikidwa pansi. Dzinali ndi la chilankhulo cha anthu a mtundu wa Lakota a ku North America, amene pamodzi ndi mitundu ina monga Cheyenne ndi Blackfoot ankakuta milongoti yaitali ndi zikopa za njati za kwawoko, n'kusiya chiboo chotulukira utsi pamwamba. Zimene zikugulitsidwa masiku ano kwa anthu okagona kutchire, kopanda magetsi ndi mipope, zambiri zimaima ndi mtengo umodzi wokha wa pakati. Pano ndikunena za zoterezi, zokwana munthu mmodzi kapena awiri.

Choyamba, musatengeke ndi chiwerengero cha anthu cholembedwa pa chikwama. Makoma a tipi amatsetsereka, choncho malo a m'mphepete sagoneka. Tiyerekeze tipi yotalika mamita 2 pakati, yotambalala mamita 3 pansi. Mukasuntha mita imodzi yokha kuchoka pa mtengo wa pakati, nsalu imakhala itatsika kufika pafupifupi masentimita 67 kuchokera pansi, moti munthu wamkulu sangakhale tsonga pamenepo osagunda mutu. Yotere imakwana anthu awiri ogona wina uku wina uku kwa mtengowo, katundu atakankhidwira m'mbali. Ngati mukufuna kuika mkati kambaula kachitsulo kotsekeka, kokhala ndi chumuni, werengani kuti tipiyo ndi ya munthu mmodzi. Ndi bwino kuyeza kaye pabwalo: khomani chikhomo, jambulani bwalo ndi chingwe cha mita imodzi ndi theka, yalani mphasa, mugonepo mutawongola miyendo.

Nkhani yaikulu ili pa nsalu, ndipo apa nyengo ya pa phiri lathu ndiyo iyenera kukutsogolerani. Pamwamba pake, pamene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, chifunga chimatha kukuta mitengo ya paini tsiku lonse, makamaka chiperoni chikabwera m'miyezi ya June ndi July. Nsalu ya thonje yokhuthala imapuma bwino, sichita mame ambiri mkati, ndiponso sibooka msanga ikagweredwa ndi tizidutswa ta moto. Vuto lake ndi kulemera, pakuti ngakhale yaing'ono imatha kupitirira makilogalamu 10, ndipo ikanyowa imalemera koposa. Mukaipinda isanaume imachita chuku m'masiku ochepa. Ndi yoyenera amene akwera ndi galimoto mpaka kufupi ndi damu la Mulunguzi. Koma amene akwera wapansi kudzera njira ya Potato Path asankhe ya nayiloni kapena poliyesitala, imene nthawi zambiri imalemera kilogalamu imodzi kapena awiri. Pa ziwirizi ine ndimakonda poliyesitala, chifukwa nayiloni imamwa chinyezi n'kulendewera, moti tenti imene munaikunga bwino madzulo mumaipeza ikukhudza nkhope pakati pa usiku, ndipo mumakakamizika kutuluka m'chisanu kukakunganso zingwe.

Pa chizindikiro cha nsalu yopepukayi pamalembedwa nambala ya mamilimita yosonyeza mphamvu yake yotchinga madzi. Ya 3,000 ndi yokwanira pa mvula ya kuno. Komabe madzi amakonda kulowera m'misoko, choncho tembenuzani tentiyo muone ngati misokoyo inamatidwa.

Ngakhale nsalu isadonthe, mpweya wa anthu ogona umasanduka mame mkati. Sankhani tipi yokhala ndi kazenera kotseguka pansonga, ndiponso imene mungaikweze pang'ono m'munsi kuti mphepo izidutsa. Zambiri zimabwera zopanda pansi, zomwe zimathandiza kuti zikhale zopepuka, koma aliyense amene anadzutsidwapo ndi linthumbu usiku akudziwa kuti dothi la m'nkhalango lili ndi eni ake. Kukhala ndi kachipinda ka mkati ka neti, kosokedwa pamodzi ndi pansi pake, n'kofunika kuposa magalamu amene mungapulumutse.

Mtengo wa pakati wa aluminiyamu, wolumikiza zidutswa, ndi wabwino. Nsungwi yowongoka imagwiranso ntchito, bola muzenge kansanza kumutu kwake kuti isaboole nsalu. Onaninso kuti nsonga ya tentiyo inasokedwa ndi nsalu yowirikiza, popeza mphamvu yonse imathera pamenepo. Tipi siima popanda zikhomo, ndipo tizikhomo ta waya timene amaikamo ogulitsa timazuka m'dothi lofewa la masamba a paini. Gulani zazitali, kapena sulitsani kwa owotcherera zitsulo mumzinda.

Eni ake a tipi, a Lakota ndi anzawo aja, ankalozetsa khomo kum'mawa, kufulatira mphepo ya kwawo yochokera kumadzulo. Kuno mwera umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, choncho khomo liyang'ane kumadzulo kapena kumpoto. Tipi ya makomo awiri imachepetsa vutoli mphepo ikatembenuka.

Za moto ndiyenera kunena mosabisa. Tipi yamakono ya nsalu yopepuka si yosonkhamo moto pansi monga zinalili za zikopa zija. Zina zili ndi chiboo cha nsalu yosapsa chotulutsira chumuni cha kambaula kachitsulo kotsekeka, ndipo ndi zokhazo zimene zimalola moto mkati. Mbaula yathu ya makala isalowe m'tenti ngakhale kuzizire bwanji, pakuti makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo. Phikirani panja, pamalo posesa bwino, ndipo musananyamuke funsani a zankhalango za malo ololedwa kugona ndi kusonkha moto, makamaka mu September ndi October pamene udzu wauma ndipo moto wolusa suchedwa kugwira phiri.