Muli kunja? Musathamangire kutuluka m'tchalitchi

Abale amene muli kunja kwa dziko ndipo mukusowa anzanu opemphera nawo, nayi njira imene inandithandiza nditavutika miyezi ingapo.

Poyamba ndinkangoyendayenda, Lamulungu lino tchalitchi ichi, linalo china. Mapemphero akangotha ndinkatuluka ngati wothamangitsidwa, moti panalibe wondidziwa ngakhale dzina.

Sankhani tchalitchi chimodzi, mupiteko masabata angapo motsatizana, ndipo muzikhala pamalo amodzimodzi. Anthu amayamba kulonjera nkhope imene aizolowera. Akatseka ndi pemphero musathamangire pakhomo. Tsalirani pang'ono, mufunse amene akusonkhanitsa mipando kapena mabuku a nyimbo ngati mungathandizeko. Manja akatanganidwa macheza amabwera okha, ngakhale chilankhulo chawo chikukuvutani. Ine mnzanga woyamba ndinamupeza titanyamulizana benchi, mawu anga ali oduladula koma tonse tikuseka.

Kenako funsani abusa kapena olandira alendo za kagulu kophunzira Baibulo ka mkati mwa sabata. Lamulungu anthu amachuluka ndipo aliyense amakhala pa changu, koma m'kagulu ka anthu ochepa mukangojomba kamodzi, wina amakuimbirani foni kufunsa ngati mwadzuka bwino.