Firiza ndiyo nkhokwe yanu: kagulidwe ka chakudya ku Aldi ndi ku Lidl

Abale athu amene angofika kumene kuno ku Britain, makamaka ogwira ntchito yosamalira okalamba, amandifunsa funso limodzimodzi malipiro oyamba akangotha: kodi ndalama ya chakudya ikulowera kuti? Ya lendi amaidziwa, ya basi amaidziwa, yotumiza kumudzi amaidziwa, koma ya pakamwa imangosungunuka. Ndikafunsa kumene amagula, ambiri amatchula kagolosale ka pakona kotsegula mpaka usiku. Munthu waweruka shifiti ya maola 12, miyendo ili lende, amangolowamo n'kutola buledi, mkaka ndi kandiwo ka tsiku limenelo. Mawa chimodzimodzi. Kumeneku ndi kugula kwa ka walkman kumene timakudziwa ku Ndirande ndi ku Mtandire. Ufa wa mphika umodzi umaoneka wotchipa, koma mukawerengera mwezi wonse mwalipira ndalama yoposa ya thumba lathunthu.

Malangizo anga ndi oti kugula kwakukulu kuzichitika kamodzi pa sabata, ku sitolo zotchipa monga Aldi kapena Lidl. Zonse ziwiri zinachokera ku Germany. Aldi anaikuza ndi abale awiri, Karl ndi Theo Albrecht a ku Essen, ndipo sitolo yake yoyamba kuno inatsegulidwa ku Birmingham mu 1990. Lidl inafika mu 1994. Kale anthu ena ankachita nazo manyazi, koma mitengo itayamba kuluma aliyense anathamangira komweko: mu 2022 Aldi inapitirira Morrisons n'kukhala yachinayi pa masitolo akuluakulu, ndipo m'mwezi wa Malichi 2023 mitengo ya zakudya inali itakwera ndi 19 peresenti ndi kanthu poyerekeza ndi chaka chapitacho.

Muyenera kumvetsa chifukwa chake zinthu zimatchipa kumeneko, chifukwa ambiri amaganiza kuti katundu wake ndi wachabechabe. Ayi. Sitolo yaikulu ya Tesco kapena Sainsbury's imasunga mitundu ya katundu yochuluka zedi, mwina mafuta ophikira okha mashelefu awiri. Aldi imasunga mitundu yochepa, ndipo wambiri mwa katunduyo ndi wa dzina lawo lomwe. Akagula kwa opanga amagula chinthu chimodzi chochuluka, motero amanenerera mtengo mpaka pansi. Katundu amamuika pashelefu ali m'makatoni omwe wabweramo, antchito ndi ochepa, sitolo ndi yaing'ono. Ndalama imene simukulipira ndi ya zokongoletsa ndi ya dzina. Malamulo a ukhondo wa chakudya ndi amodzi m'dziko lonse, kaya ndi ku Lidl kaya ndi ku sitolo yodula ngati Waitrose. Ndiye musafunefune dzina limene munalizolowera pa TV. Yesani shuga, mchere, mpunga, mafuta, tomato wa m'chitini ndi sopo wa dzina lawolo kwa sabata ziwiri. Chimene ana achikana, chokhacho bwererani ku chakale.

Komatu sitolo yotchipa payokha siipulumutsa ndalama. Ntchito imayambira kukhitchini, musanavale jekete. Mlimi wanzeru sapita ku ADMARC asanasuzumire m'nkhokwe. Tsegulani firiji, firiza ndi kabati, muone chimene chilipo. Kenaka tengani ndandanda ya mashifiti anu muwerenge kuti sabata imeneyo mudya kunyumba kangati. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amagula ndiwo zamasamba za masiku asanu ndi awiri pamene masiku anayi akhala ali kuntchito usiku, ndipo Loweruka masambawo ayezuka, apita m'bini. Lembani ndiwo za tsiku lililonse: Lolemba nyemba, Lachiwiri nkhuku ndi masamba, Lachitatu zotsala za nyemba ndi mazira, mpaka sabata ithe. Papepala pomwepo lembani pamwamba ndalama imene simuyenera kupitirira. Ndipo idyani kaye musananyamuke, chifukwa ku Lidl fungo la buledi wotentha limakulandirani pakhomo penipeni.

Mukalowa, luso lalikulu kuposa onse ndi kuwerenga kapepala ka mtengo ka pashelefu. Nambala yaikulu ndi mtengo wa paketi. Pansi pake pali timanambala ting'onoting'ono tosonyeza mtengo wa pa kilo, pa magalamu 100 kapena pa lita. Timeneto ndiye mtengo weniweni. Tiyerekeze kuti mpunga wa magalamu 500 uli pa 90p, wina wa kilo imodzi uli pa £1.40. Woyambayo akuoneka wotchipa, koma pa kilo akukwana £1.80. Kwathu maso athu anazolowera kuyeza mulu wa tomato ndi kukula kwa mbale ya nyemba, ndipo wogulitsa akapinda pansi pa chitini timadziwa. Kuno muyeso analemba kale, changotsala ndi kuwerama n'kuwerenga. Ndikuti kuwerama chifukwa zotchipa kwambiri nthawi zambiri zimakhala pa shelefu yapansi. Musaganizenso kuti paketi yaikulu imatchipa nthawi zonse; yang'anani timanambalato.

Pa nyama, siyani chidale cha nkhuku chochotsedwa mafupa. Ntchafu ndi miyendo zimatchipa pa kilo, ndiponso ndi zimene zimapereka msuzi wodyera nsima. Gulani paketi yaikulu, mukafika kunyumba muigawe m'timapepala ta mphika umodzi umodzi, mulembe tsiku, muike mu firiza. Nsomba za m'chitini monga sardines ndi mackerel, mukazikazinga ndi anyezi ndi tomato, zimayandikira ndithu ndiwo zakwathu. Pa masamba, amene amalembedwa kuti spring greens kapena kale amalowa bwino m'malo mwa repu ndi mpiru, ndipo kabichi amakhalitsa mu firiji kuposa onse. Nsinjiro zikasowa, tenderani ndi chiponde, koma werengani pa botolo kuti mtedza ndi 100 peresenti. Chothira shuga chimawononga ndiwo. Masamba ouma ndi chisanu a mu firiza musawanyoze. Ndi mfutso wa kuno, mumatapa wokwana mphika wotsalawo n'kubwezera. Ku Aldi kumakhalanso zipatso ndi masamba asanu ndi limodzi otsitsidwa mtengo amene amawatcha Super 6. Muwaone kaye musanatole masamba ena, ndipo ngati akugwirizana ndi ndiwo zanu sinthani pepala lija pomwepo.

Pali nkhani ya msonkho imene anthu ambiri saidziwa. Zakudya zenizeni monga mpunga, nyama yaiwisi, masamba, mkaka, mazira ndi buledi zilibe VAT. Koma maswiti, makrisipi a mbatatesi, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mabisiketi okutidwa ndi chokoleti zili ndi VAT ya 20 peresenti. Lisiti likakwera mosayembekezera, kawirikawiri mlandu umakhala pa zimenezi, zija ana amaponya mu trolley mwakachetechete.

Tsopano masiku olembedwa pa paketi. Apa ndikhalitsepo chifukwa pali thanzi la banja. Mawu akuti "use by" amakhala pa nyama, nsomba ndi zina zosachedwa kuwonongeka. Tsiku limenelo likapita musadye, ngakhale chakudyacho chikununkhira bwino, pakuti tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba sitimveka fungo. Mawu akuti "best before" amanena za kukoma chabe. Mpunga, pasta, za m'zitini ndi mabisiketi zimadyeka tsikulo litapita, bola paketi ili bwino. Mukadziwa kusiyana kumeneku mutha kupindula ndi katundu womatidwa sitika yotsitsa mtengo. Ku Aldi masitikawo ndi ofiira, amayambira pa 30 peresenti ndipo nthawi zina amafika pa 75 tsiku lomaliza. Nyama yotereyi ndi yabwinobwino, koma muiphike kapena muiike mu firiza tsiku lomwelo, tsiku la "use by" lisanadutse. Mukadzaisungunula, sungunulirani mu firiji, muphike pasanathe tsiku limodzi. Firijiyo izikhala pa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Ku Lidl fufuzaninso pafupi ndi polipirira makatoni a zipatso ndi masamba ofota pang'ono, olemera pafupifupi makilo 5, amene anayamba kuwagulitsa pa £1.50. Amatha m'mawa.

Pakati pa sitolo pali malo amene ine ndimawatcha kaunjika. Katundu watsopano amafika Lachinayi ndi Lamlungu: mapoto, zida za ukalipentala, mabulangete, zidole. Zina ndi zabwino, ndipo jekete la mwana m'nyengo yozizira mutha kulipeza motchipa. Koma malo amenewa anawakonza kuti munthu wobwera kudzagula mkaka atuluke atanyamula chinthu chimene sanachiganizirepo. Ngati chinthucho sichili papepala, pitirirani. Chikakusowetsani tulo masiku awiri, mudzachibwerera.

Zina musavutike kuzifuna kumeneko. Ufa woyera wa nsima ku Aldi ndi ku Lidl simudzaupeza. Umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi a amwenye, kawirikawiri wa ku South Africa monga Iwisa ndi White Star. Kapaketi kakang'ono kamadula kwambiri pa kilo, choncho gulani thumba la makilo 10, ndipo ngati mumakhala nokha gwirizanani awiri kapena atatu mugawane. Konko ndi kumenenso mpunga wa thumba lalikulu, nyemba zouma, therere ndi zokometsera ndiwo zimakhala bwino. Nyemba zofiira zouma muziviike usiku, ndipo ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, apo ayi zimatsegula m'mimba. Popeza magetsi ndi gasi ndi ndalamanso, phikani mphika waukulu kamodzi, mugawe m'timakontena, muumitse. Wina akamabwera kuchokera kumudzi, usipa wouma amaloledwa kulowa nawo, koma nyama ndi za mkaka ayi.

Polipirira pamathamanga. Wa pa makinayo amadutsitsa katundu mofulumira kwambiri, ndipo obwera kumene amasokonezeka. Bwezerani zonse mu trolley, mukalongedze bwinobwino pa shelefu yaitali imene ili pafupi ndi khomo lotulukira. Tengani majumbo anu kunyumba chifukwa a m'sitolo ndi ogula, komanso kobiri la £1 lomasulira trolley, limene limabwerera mukaibweza. Ku England ndi ku Wales lamulo limalola masitolo akuluakulu kutsegula maola asanu ndi limodzi okha Lamlungu, ndipo ambiri amatseka 4 koloko. Amene mumatuluka mochedwa ku tchalitchi, sankhani tsiku lina la ofu, mwinamwake mudzapezekanso ku kagolosale ka pakona kaja.

Lisiti musalitaye pakhomo. Sungani malisiti a sabata zinayi m'envulopu imodzi, ndipo pakutha pa mwezi mukhale pansi ndi akunyumba kwanu, muchonge chilichonse chimene chinathera m'bini kapena chikadali m'kabati osatsegulidwa. Zochongedwazo zisabwererenso papepala la mwezi wotsatira.