Momwe mungayendere ku Fushimi Inari ku Kyoto, n'kudya za kumeneko

Kum'mwera kwa mzinda wa Kyoto ku Japan kuli phiri laling'ono lotchedwa Inari, lotalika mamita 233, ndipo m'tsinde mwake muli kachisi wa chipembedzo cha Shinto, Fushimi Inari Taisha. Ngati munaonapo chithunzi cha zipata zofiira zondondozana mpaka kubisa thambo, ndi kumeneko. Alendo ambiri amangofika, kujambulitsa pa zipata zoyambirira, pakatha theka la ola n'kubwerera kusiteshoni. Amaphonya zambiri. Malowa amafuna theka la tsiku, nsapato zosapweteka ndi njala pang'ono, ndipo dongosolo lake ndi losavuta: kwerani phiri kaye, kudya kubwere pambuyo.

Choyamba, lawirirani

Kachisiyu satsekedwa usana ndi usiku, ndipo kulowa ndi kwaulere. N'chifukwa chake ikamakwana 10 koloko m'mawa njira imakhala itadzaza, munthu n'kumayenda phazi ndi phazi kumbuyo kwa mnzake. Mukafika 7 koloko isanakwane mupeza malo ali phee, mukwera kusanatenthe, ndipo pomatsika mupeza malo odyera atatsegula. Ambiri mwa iwo amatsegula cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa n'kutseka dzuwa lisanalowe, choncho wobwera madzulo phiri aliona koma chakudya chimudutsa.

Mu Julayi ndi Ogasiti ku Kyoto kumatentha kwachinyezi moti thukuta silikuphwa. Masiku atatu oyamba a Januwale kumabwera anthu opitirira 2 miliyoni odzapempha mwayi wa chaka chatsopano; ngati simukonda kupanikizana, masiku amenewo apeweni.

Sitima yake

Pa siteshoni ya Kyoto funani njanji ya JR Nara Line, mukwere sitima yoima paliponse. Siteshoni yoyamba ndi Tofukuji, yachiwiri ndi Inari, ulendo wa mphindi zisanu zokha. Mukangotuluka, chipata chachikulu chili patsidya pa msewu. Wochokera kudera la Gion mu Kyoto momwemo kapena kumzinda wa Osaka angakwere sitima ya Keihan n'kutsikira pa Fushimi-Inari, kenako n'kuyenda pansi mphindi zisanu kudutsa m'kamsewu ka masitolo. Khadi yolipirira sitima ya ICOCA kapena Suica imagwira ntchito pa njanji zonse ziwiri. Koma m'thumba mukhalenso ndalama za mapepala ndi makobili a yen, poti timasitolo ta m'phiri ndi ogulitsa pamsewu ambiri salandira khadi.

Pachipata ndi pa madzi osamba m'manja

Chipata chansanjika chimene chikulandireni, Romon, anachimangitsa Toyotomi Hideyoshi, mtsogoleri wankhondo amene ankalamulira Japan nthawi imeneyo, mu 1589 pothokoza kuti mayi ake achira. Kachisi mwiniyo ndi wakale kuposa pamenepo: anakhazikitsidwa m'chaka cha 711 ndi a fuko la Hata, Kyoto asanakhale n'komwe likulu la dziko mu 794. Nyumba yaikulu yopempherera inapsa pa nkhondo yapachiweniweni ya Onin mu 1468, ndipo imene mukuionayo inamangidwa mu 1499. Kachisiyu ndiye likulu la akachisi a mulungu wotchedwa Inari pafupifupi 30,000 a m'dziko lonselo.

Eni dziko akafika pa torii, chipata cha nsanamira ziwiri ndi mitanda pamwamba, amawerama pang'ono, n'kudutsa cham'mbali, chifukwa pakati amati ndi njira ya mulungu wa pamalopo. Chapafupi pali mosungira madzi osambira m'manja. Ngati pali chikho, chitengeni ndi dzanja lamanja, tsirani kumanzere; sinthani, tsirani kumanja; kenako thirani madzi pang'ono m'chikhatho chakumanzere muchukuche m'kamwa, n'kulavulira pansi pambali, osati mobwezera m'madzimo. Chikhocho musachiike pakamwa.

Kutsogolo kwa nyumba yopempherera muona anthu akuponya kobili m'bokosi, nthawi zambiri la 5 yen, n'kuwerama kawiri, kuwomba m'manja kawiri, kupempha chamumtima, n'kuweramanso kamodzi. Mkhristu kapena Msilamu asade nkhawa apa. Palibe amene angakukakamizeni kuchita mwambowu, ndipo palibe angakudabweni mukangoima pambali n'kuonerera. Chofunika ndi kusaima kutsogolo kwa munthu amene akupemphera, kusakweza mawu, ndi kumvera zikwangwani zoletsa kujambula.

Yang'anani zimene nkhandwe zaluma

Musanathamangire kuphiri, taimani pa ziboliboli za nkhandwe zimene zili mbali zonse, zambiri zitavala kansalu kofiira pakhosi. Anthu ena amaganiza kuti nkhandweyo ndiye mulungu, koma ayi, ndi mthenga chabe. Inari ndi mulungu wa mpunga ndi zokolola, ndipo m'kupita kwa zaka amalonda anamutenganso kukhala wawo. Pakamwa pa nkhandwe ina mupeza kiyi wa nkhokwe ya mpunga, ina ngala ya mpunga, ina mwala wamtengo wapatali, ina mpukutu wa zolembedwa. Zimenezi muzisunge m'mutu, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene mudye pambuyo pake chikukhudza mpunga kapena nkhandwe.

Kukwera

Kuseri kwa nyumba yaikulu ndi kumene kumayambira Senbon Torii, zipata zothithikana zija. Njira imagawikana pawiri. Pokwera tsatani yakumanja. Paphiri lonse pali zipata pafupifupi 10,000, ndipo chilichonse ndi mphatso ya munthu kapena kampani imene ikupempha kapena kuthokoza kuti malonda ayenda. Mukamakwera simuona zambiri zolembedwa, koma mukacheuka mupeza kuti kumbuyo kwa nsanamira kuli zilembo zakuda: mbali ina dzina la wopereka, mbali ina tsiku limene anapereka. Chipata chimodzi chokulirapo chimadya ndalama zopitirira 1 miliyoni yen, ndipo popeza ndi chamtengo, chikafumbwa amazula n'kuikapo cha wina.

Zipata zoyambazi zikathera pa kachisi wamng'ono wa Okusha. Apa pali timatabwa tooneka ngati nkhope ya nkhandwe, timene anthu amajambulapo maso ndi pakamwa n'kulemba pempho kumbuyo. Palinso miyala iwiri yotchedwa omokaru-ishi, yokhala pamwamba pa nyali zamiyala. Munthu amaganizira chimene akufuna, n'kunyamula mwalawo. Ukapepuka kusiyana ndi mmene amayembekezera, akuti pempho lichitika. Ukalemera, nkhani idakali patali. Mzere wake umatalika, ndipo ngati mwalawirira ndi bwino kuyesa nthawi yomweyo.

Alendo ambiri amabwerera pamenepa. Inu pitirirani, chifukwa kuyambira apa khamu limayamba kuchepa ndipo phiri limayamba kuoneka mmene eni ake amalidziwira. Mudutsa padziwe la Shin-ike pafupi ndi kachisi wa Kumataka, pamene makandulo amayaka tsiku lonse. Pali chikhulupiriro chakuti munthu amene mbale wake anasowa akawomba m'manja atayang'ana dziwelo, kumene kukamvekere phokosolo pobwerera ndi kumene angakafufuze. M'mbali mwa njira muli maguwa amiyala zikwizikwi otchedwa otsuka, amene mabanja anadziikira okha, ena atakutidwa ndi ndere, ena ataunjikidwa tizipata tating'ono tamatabwa.

Pakatha mphindi 30 kapena 45 za masitepe mufika pamphambano ya Yotsutsuji, pamene kum'mwera kwa Kyoto kumaoneka konse. Pali malo omwera tiyi akalekale, Nishimura-tei, okhala ndi mipando yoyang'ana kumzinda. Apa pumani, ndipo apa ndi posankha. Njira yozungulira mpaka pansonga, pa Ichinomine, n'kubwereranso pamphambano yomweyi imafuna pafupifupi ola lina. Kunena zoona, pansongapo sipaoneka dziko, mitengo inaphimba. Wopita kumeneko amapitira bata ndi maguwa, osati malo ojambulira. Ngati mawondo akudandaula kapena muli ndi ana, kubwerera pa Yotsutsuji si manyazi. Ulendo wonse, kukwera ndi kutsika, ndi wa makilomita pafupifupi 4, maola awiri kapena atatu.

Madzi gulirani pansi. M'phirimo muli makina ogulitsa zakumwa, koma mtengo umakwera limodzi ndi inu, poti katunduyo amachita kumusenza. Ndipo zikwangwani zochenjeza za nguluwe ndi anyani si zokongoletsera, makamaka kwa okwera usiku.

Tsopano kudya

Potsika musabwerere pa msewu waukulu umene munalowera. Khoterani kumpoto, kukamsewu kotchedwa Ura-sando kolowera ku siteshoni ya Keihan. Utsi wa makala ukutsogolerani.

Yambani ndi inari-zushi. Ndi mpunga wothira viniga pang'ono, woikidwa m'kathumba ka tofu (chakudya chopangidwa ndi nyemba za soya) wokazinga amene anamuphika m'msuzi wa soya ndi shuga. Amati tofu wokazinga ndiye chakudya chimene nkhandwe imakonda, ndipo kuno kumadzulo kwa Japan amaupanga wa makona atatu, ena amati khutu la nkhandwe, ena amati phiri la Inari, pamene ku Tokyo amaupanga wobulungira motalika. Mulibe nsomba yaiwisi, choncho amene amaopa sushi ayambire pomwepa. Ndi wotsekemera kuposa mmene mlendo amayembekezera, ndipo tiwiri kapena titatu timakwana.

Mnzake ndi kitsune udon: ufa watirigu wopotedwa m'zingwe zonenepa, m'msuzi wotentha wa nsomba youma ndi ndere za m'nyanja, pamwamba pake tofu yemwe uja. Msuzi wa ku Kyoto ndi woyera ndiponso wopepuka, wosachuluka soya. Masitolo ambiri amagulitsa mbale ya udon pamodzi ndi inari-zushi, ndipo kwa munthu wotsika phiri palibe chakudya choposa chimenechi. Kufwenkha mokweza podya udon si mwano kuno, muwamva eni ake akutero.

Ndiye pali mbalame. Ku Fushimi Inari amaotcha mpheta ndi zinziri pa timitengo, n'kuzipaka msuzi wa soya wotsekemera, n'kuwaza tsabola wa sansho amene amachititsa dzanzi lilime. Alendo ochokera ku Ulaya amaima patali n'kumajambula ndi mantha, koma amene anadyapo mbalame zootcha za m'mbali mwa msewu wa M1 palibe chachilendo chimene aone: imadyedwa yonse, mutu ndi mafupa omwe. Chifukwa chake n'chomveka kwa mlimi aliyense. Mpheta ndi mdani wa mpunga, ndiye pakhomo pa mulungu wa mpunga yakhala ndiwo. Masiku ano masitolo ogulitsa mpheta atsala ochepa, ndipo zimapezeka makamaka m'nyengo yosaka, kuyambira pakati pa Novembala mpaka pakati pa Febuluwale. Zinziri zimapezeka chaka chonse, zili ndi mnofu wambiri, ndipo kwa ine ndizo zokoma. Mukagula, wogulitsa amatha kuidula ndi sizasi kuti musavutike.

Amene akufuna kukhala pansi m'nyumba yakale apite ku Nezameya, kufupi ndi masiteshoni awiri aja. Eni ake amati inayamba mu 1540 ndipo dzinalo anawapatsa ndi Hideyoshi yemwe uja. Amaotcha mkunga ndi zinziri pakhomo penipeni, anthu akuona. Mkunga ndi wodula kuposa zonse zimene ndatchulazi, choncho onani mtengo musanaitanitse.

Zonyamula popita kunyumba zilipo ziwiri. Inari senbei ndi bisiketi yopyapyala, youmba ngati nkhope ya nkhandwe, yopangidwa ndi ufa, shuga, chitowe ndi miso woyera (chokometsera chopangidwa ndi soya). M'masitolo monga Hogyokudo ndi Inariya mutha kuona munthu akuwotcha imodziimodzi m'zikombole zachitsulo. Ina ndi tsujiura senbei, yopinda, yokhala ndi kapepala kolosera zam'tsogolo kopanikizidwa popindapo. Ofufuza ena amati timabisiketi ta maula timene amapereka m'malesitilanti achitchaina ku America tinachokera ku zimenezi. Kapepalako kalembedwa m'Chijapani, ndiye foni yomasulira ikuthandizani.

Ogulitsa pamsewu aliponso ambiri: takoyaki (timipira ta ufa tokhala ndi nyama ya octopus mkati), nyama yootcha, dango (timipira ta ufa wa mpunga), ayisikilimu wa tiyi wobiriwira. Si zoipa, koma zimenezi mungazipeze kulikonse ku Japan, ndipo mimba ndi imodzi.

Msilamu kapena aliyense wopewa mowa adziwe kuti msuzi wambiri wachijapani, kuphatikizapo wa inari-zushi ndi wopaka mbalame, amathiramo mirin kapena sake, mitundu ya mowa wa mpunga. Wosadya nsomba adziwenso kuti msuzi wa udon ndi wansomba ngakhale m'mbalemo simukuoneka nsomba. Funsani musanagule.

Ulemu wa podyera

Mukagula chakudya pamsewu, idyani mutaima pambali pa wogulitsayo, n'kumubwezera kamtengo ndi pepala. Kudya mukuyenda sakukonda, ndipo kulowa nacho chakudya m'bwalo la kachisi n'kosayenera. Mabini ndi osowa kwambiri, choncho nyamulani kajumbo kosungiramo zinyalala zanu.

M'lesitilanti dikirani pakhomo kuti akuonetseni pokhala, n'kuonetsa ndi zala kuti mulipo angati. Mukaona pansi pokwera, poyala mphasa za tatami, vulani nsapato. Madzi kapena tiyi amene akubweretsereni ndi waulere. Poitana woperekera zakudya nenani "sumimasen" (pepani), lozani chithunzi n'kunena "kore o kudasai" (ndipatseni ichi), zatheka. M'timalesitilanti tating'ono munthu aliyense amayembekezeka kuitanitsa mbale yake, osati anthu atatu mbale imodzi. Timitengo todyera musatizike choimirira mumpunga, ndiponso musapatsirane chakudya kuchoka pa timitengo kupita pa timitengo tina. Zonse ziwiri zimakumbutsa mwambo wa maliro. Ngati timitengoto takukanikani, pemphani foloko, ndipo inari-zushi mutha kungogwira ndi manja.

Kulipira kumachitikira pakauntala pafupi ndi khomo, ndalama n'kuika m'kambale kamene kali pamenepo. Musasiye ya pamwamba yothokozera. Angakuthamangireni kunja kudzakubwezerani poganiza kuti mwaiwala chenji. Potuluka nenani "gochisousama deshita", kuthokoza chifukwa cha chakudyacho.

Ngati dzuwa likadalipo, kwerani sitima ya Keihan kulowera kum'mwera mpaka Chushojima. Dera limenelo ndi lotchuka ndi madzi abwino a pansi panthaka ndi ofulula sake, ndipo kampani ya Gekkeikan, imene inayamba mu 1637, ili ndi nyumba yoonetsera mmene mpunga umasandukira mowa. Osamwa mowa abwerere siteshoni imodzi ya JR kuchoka pa Inari kulowera ku Kyoto, atsikire pa Tofukuji, kachisi wa Chibuda amene mitengo yake imafiira kumapeto kwa Novembala. Kumeneko minda ndi mlatho wake n'zolipira, ndipo amatseka cha m'ma 4 koloko madzulo.