Momwe wophunzira utolankhani angazolowerere kugwira ntchito ndi manambala

Ambiri amene amayamba maphunziro a utolankhani ku yunivesite ya MUBAS kapena ku sukulu ya atolankhani ya Malawi Institute of Journalism (MIJ) amaganiza kuti masamu anatsazikana nawo ku sekondale. Komatu nkhani za bajeti, kolera ndi mitengo ya chimanga zimabwera ndi manambala, ndipo amene satha kuwerengera yekha amangolemba zimene wauzidwa.

Yambani ndi kudziwa kumene nambala yachokera. Kalembera amachitidwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba, ndipo wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno, 800,264 mwa iwo mumzinda wa Blantyre. Samalani apa: mzinda anauwerenga paokha, madera akumidzi a boma la Blantyre paokhanso. Munthu wa ku Lirangwe mulibe mu 800,264 ameneyu.

Kenako phunzirani kupeza peresenti ndi cholembera m'manja. Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitsepo. Mu November 2023 Reserve Bank inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chotsani 1,180 pa 1,700, mutsala ndi 520. Gawani 520 ndi mtengo wakale uja, muchulukitse ndi 100, mupeza 44. Ndiye kuti dola inakwera mtengo ndi 44 peresenti. Koma mukafuna kudziwa mphamvu imene kwacha inataya poyerekeza ndi dola, 520 yemweyo mumugawa ndi 1,700, ndipo yankho ndi pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona, koma akuyankha mafunso osiyana. Musanalembe peresenti iliyonse, dzifunseni: peresenti ya chiyani?

Chotsatira, tolerani manambala anuanu. Sankhani msika umodzi, kaya wa Limbe kaya wa Ndirande, muzifunsa mtengo wa chigoba cha chimanga tsiku lomwelo sabata iliyonse. Lembani deti, msika, muyeso ndi mtengo mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Excel kapena Google Sheets, chilichonse m'danga lake. Muyeso usasinthe; mukasakaniza chigoba ndi thumba la makilogalamu 50, ntchito yonse yawonongeka.

Ofesi ya boma ikamakana kukupatsani ziwerengero, lembani kalata yopempha potsatira lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopeza zidziwitso ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo sungani kope lake.

Polemba nkhaniyo, musapanikize manambala m'ndime imodzi. Owerenga amamva msanga mukati anthu pafupifupi 800,000 kusiyana ndi kuwapatsa nambala yonse. Tchulani gwero ndi chaka, kenako mupatse mnzanu wa m'kalasi masamu anuwo awerengerenso musanapereke kwa mkonzi.