Momwe mungalukire ukonde wa pa kompyuta wolondolera zonyansa m'nyanja ya Malombe

Kompyuta ikamawerengera kayendedwe ka madzi, nyanja imayamba yagawidwa m'tizigawo ta makona atatu tolumikizana ngati maso a ukonde wa asodzi, ndipo akatswiri amautcha mesh. Luso limeneli limagwira ntchito kwambiri pa nyanja zosaya zoyandikana ndi nyanja zamchere, monga ya ku Venice m'dziko la Italy, koma kuno ku Mangochi lingatithandize kudziwa kumene feteleza, matope ndi zonyansa zotsika ndi mtsinje wa Shire zimakaunjikana zikalowa m'Malombe.

Choyamba jambulani malire a madzi. Tengani zithunzi zaulere za setilaiti ya Sentinel-2, zomwe kadontho kamodzi kamaimira mamita 10, muzitsegule mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu, ndi kuika mapu anu pa UTM 36S, dongosolo loyezera malo pa mapu la dera lino, kuti miyeso ikhale m'mamita. Apa mpofunika kudekha, chifukwa gombe la Malombe ndi lathyathyathya, moti malire a mu Epulo, madzi atakwera, amasiyana kwambiri ndi a mu Novembala. Sankhani nyengo imodzi. Komanso bango ndi namasupuni pa chithunzi zimaoneka ngati mtunda pomwe pansi pake pali madzi, choncho malo okayikitsa ndi bwino kukawaona pa bwato ndi msodzi wa komweko.

Muli pa bwatopo yezani kuya kwa madzi, kaya ndi echo sounder, kachipangizo koyeza kuya pogwiritsa ntchito phokoso, kapena nsungwi yolembedwa miyeso, ndipo malo alionse muwasunge mu GPS. Malombe ndi nyanja yosaya, kotero kulakwitsa ndi theka la mita kumasokoneza zotsatira zonse.

Kenako lukani ukondewo ndi pulogalamu yaulere ya Gmsh. Maso asafanane paliponse. Polowera ndi potulukira Shire, komanso pafupi ndi madoko, akhale aang'ono, mwina mamita 30, pomwe pakati pa nyanja angafike mamita 400, ndipo azikula pang'onopang'ono. Ambiri oyamba kumene amachepetsa maso paliponse poganiza kuti ndiko kulondola, koma diso limodzi lochepetsetsa limakakamiza kompyuta kuwerenga timphindi tating'onoting'ono, ndipo ntchito ya ola limodzi imagona usiku wonse. Tizigawo tosongoka ngati minga tikonzeni tisanalowe m'mawerengero.

Mukasamutsira ukondewo mu TELEMAC-2D, pulogalamu yowerengera kayendedwe ka madzi, ikani kuchuluka kwa madzi olowa kuchokera m'nyanja ya Malawi ndi msinkhu wa madzi potulukira, womwe umakhudzidwa ndi Kamuzu Barrage ku Liwonde. Ku Venice madzi amakankhidwa ndi kukwera ndi kutsika kwa nyanja yamchere, koma kuno musaiwale mphepo, makamaka mwera wa m'nyengo yozizira.

Pomaliza chepetsani maso onse ndi theka, muyendetsenso pulogalamuyo. Ngati zonyansa zikukafika malo omwewo, gwiritsani ntchito ukonde woyamba uja; ngati zasuntha, bwererani ku Gmsh.